Nkhata ya boma pa maliro a munthu amene anapereka ziwalo zake

Mu Sepitembala 2023, nduna yaikulu ya chigawo cha Tamil Nadu ku India, M.K. Stalin, inalengeza kuti aliyense amene ziwalo zake zaperekedwa kwa odwala iye atamwalira, maliro ake aziyendetsedwa mwaulemu wa boma. Dongosololi silifunsa kuti malemuwo anali yani. Kaya anali mlimi, kaya wogulitsa pamsika, kaya mwana wa sukulu, bwanamkubwa wa boma lakwawo kapena mkulu wina womuimira amafika pamaliropo, n'kuika nkhata ndi kupepesa anamfedwa m'dzina la boma.

Ife a kuno ku Salima kulemera kwa zimenezi tikukudziwa. Galimoto ya a DC ikaima pafupi ndi siwa, ngakhale wodutsa ndi njira amadziwa kuti amene wagona pamenepo ndi mfumu yaikulu, phungu, kapena munthu wina wa dzina. Pa maliro a msodzi wa ku Senga Bay kapena a mayi wolima mpunga ku Lifuwu palibe amene amasuzumira kumsewu kudikira boma. Nanga n'chiyani chapangitsa maboma ena kugwadira munthu wamba chifukwa cha impso, chiwindi kapena mtima wake? Nkhani yagona poti chiwalo cha munthu n'chamtengo wapatali kuposa chilichonse m'chipatala, komabe malamulo a pafupifupi dziko lililonse amaletsa kuchigula. Boma likalandira mphatso yotere m'malo mwa odwala ake, limatsala ndi ngongole imene silingabweze ndi ndalama. Chotsala ndi ulemu basi, ndipo nawonso ukapanda kusamalidwa umasanduka malonda.

Pempho lobwera pa nthawi yoipa

Ambiri timaganiza kuti dokotala angathe kupita kunyumba ya chisoni n'kukatenga impso m'thupi la munthu amene wamwalira dzulo. Sizitheka. Magazi akangosiya kuyenda, ziwalo za m'kati zimayamba kuwonongeka m'mphindi zochepa chabe.

Opereka ziwalo ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la amoyo. Munthu amabadwa ndi impso ziwiri ndipo angathe kukhala bwinobwino ndi imodzi. Angathenso kupereka gawo la chiwindi, chifukwa chiwindi chikadulidwa chimakulanso. Gulu lachiwiri ndi la omwalira, koma si womwalira aliyense ayi. Kawirikawiri amakhala munthu amene wavulala kwambiri m'mutu, monga zimachitikira pa ngozi za kabaza ndi minibasi, kapena amene mtsempha wa magazi wamuphulikira mu ubongo, ndipo wafera m'chipinda cha odwala mwakayakaya ali pa makina othandiza kupuma. Madokotala amamuyeza mobwereza mpaka kutsimikiza kuti ubongo wafa ndipo sungadzukenso. Zimenezi n'zosiyana ndi munthu amene ali chikomokere, amene ubongo wake ukugwirabe ntchito ndipo tsiku lina angathe kutsitsimuka. M'mayiko amene amachita maopaleshoni oika ziwalo, lamulo limati amene ubongo wake wafa wamwalira, ngakhale makina akukankhirabe mpweya m'mapapo ndipo mtima ukugundabe. Madokotala otsimikiza imfayo saloledwa kukhala omwewo amene akaike ziwalozo mwa odwala, kuopa kuti wina angafulumizitse nkhani chifukwa ali ndi wodwala amene akudikira.

Tsopano taganizirani banja limene laima pambali pa bedi limenelo. Thupi n'lofunda, chifuwa chikukwera ndi kutsika, koma akuuzidwa kuti mwana wawo wapita. Asanalire n'komwe bwinobwino, pakubwera munthu kudzapempha mtima wa mwanayo. Sangayankhe kuti tidikire kaye amalume abwere kuchokera ku Joni, chifukwa thupi lotere silikhalitsa pa makina. Ndipo mtima ukachotsedwa uyenera kukhala utaikidwa mwa wodwala pasanathe maola 4 mpaka 6. Impso imapirirako, imatha tsiku lathunthu kapena kupitirira pang'ono itasungidwa mozizira. Banjalo likavomera, munthu mmodziyo angathe kupulumutsa anthu okwana 8: impso ziwiri, mapapo awiri, mtima, kapamba, matumbo ndi chiwindi. Kuwonjezera apo, kachigamba koonekera ka kutsogolo kwa diso, kamene madokotala amati cornea, kangathe kubwezera kuona kwa munthu amene anachita khungu.

Ulemu umene tikukambawu ndi wa anthu awiri: malemu, ndi achibale amene anati inde pa nthawi imene anali ndi zifukwa zonse zokanira.

Mbiri ya zachipatala yakhala yaumbombo pa anthu amenewa. Funsani aliyense amene anafika sekondale kuti anayamba kuika mtima wa munthu mwa munthu mnzake ndani, ena akuuzani kuti Christiaan Barnard, ku chipatala cha Groote Schuur mumzinda wa Cape Town, pa 3 Disembala 1967. Afunseni kuti mtimawo unali wa yani. Unali wa Denise Darvall, mtsikana wa zaka 25, amene anagundidwa ndi galimoto akuwoloka msewu pamodzi ndi mayi ake. Mayiwo anafera pomwepo. Bambo ake, Edward Darvall, ataya mkazi ndi mwana tsiku limodzi, ndi amene anavomera kuti mtima wa mwana wawo uikidwe mwa Louis Washkansky. Washkansky anakhala masiku 18 okha, koma njira inali itatseguka. Barnard anayendayenda m'mayiko kulandira ulemu. Za a Darvall ndi ochepa anazikumbuka.

N'chimodzimodzi ndi impso. Opaleshoni yoyamba yoika impso imene inayenda bwino inachitika ku Boston, m'dziko la America, pa 23 Disembala 1954. Dokotala wake, Joseph Murray, analandira mphoto ya Nobel mu 1990. Wopereka impsoyo anali Ronald Herrick, amene anapatsa Richard, mnzake wobadwa naye mapasa, pa nthawi imene panalibe dokotala amene akanamutsimikizira kuti iye mwini akhala bwanji pambuyo pake. Richard anakhala zaka zina 8. Ronald anakhala zaka 56 ndi impso imodzi, ndipo anamwalira mu 2010. Kwa amene amaopa kuti wopereka impso wadzifupikitsira moyo, umboni woyamba ndi umenewo.

Mmene ena amathokozera

Ku United Kingdom, kuyambira mu 2013, bungwe la Order of St John mogwirizana ndi nthambi ya zaumoyo yoona za magazi ndi ziwalo limapereka mendulo ndi setifiketi kwa mabanja a anthu amene anapereka ziwalo atamwalira. Miyambo yake imachitika m'madera, ndipo banja limene silikufuna kuonekera pagulu limatha kulandirira kunyumba. Ku America, nyumba ya malamulo inakhazikitsa mendulo yotere mu 2008 n'kuitchula dzina la Stephanie Tubbs Jones, phungu wa ku Ohio amene anamwalira chaka chomwecho mtsempha utamuphulikira mu ubongo, ndipo ziwalo zake zinaperekedwa. Mumzinda wa Richmond, ku America komweko, muli malo a chikumbutso cha opereka ziwalo.

Pali mwambo wina wa m'zipatala za ku America umene ine ndimauona ngati woposa mamendulo onsewa, ngakhale sulira ndalama ngakhale tambala. Pamene thupi la wopereka ziwalo likuchoka m'chipinda cha odwala mwakayakaya kupita kochitira opaleshoni, anamwino, madokotala, okolopa ndi alonda amasiya ntchito n'kuima mbali zonse za khonde, achibale akuyenda pambuyo pa bedi. Palibe wolankhula. Kwa ife amene timadziwa kupatuka panjira ndi kutsika panjinga maliro akamadutsa, mwambo umenewu sufuna womasulira.

Ulemu wina umakhala wa dzina. Lamulo limene linayamba kugwira ntchito ku England mu Meyi 2020, loti munthu wamkulu aliyense aziwerengedwa ngati wavomera kupereka ziwalo pokhapokha atalembetsa kuti akukana, limadziwika ndi mayina a ana awiri: Max Johnson, amene analandira mtima, ndi Keira Ball, mtsikana wa zaka 9 amene anamwalira pa ngozi ya galimoto mu 2017, mwini mtimawo. Ku Italy kuli sukulu, misewu ndi mabwalo ambirimbiri otchedwa Nicholas Green. Ameneyu anali mwana wa zaka 7 wa ku America amene anawomberedwa ndi achifwamba mu 1994 ali pa ulendo ndi makolo ake kumwera kwa dzikolo. Makolowo anapereka ziwalo ndi ma cornea ake kwa anthu 7 a m'dziko lomwelo limene mwana wawo anaphedwera. Dziko lonse linagwidwa manyazi ndi chifundo, ndipo m'zaka zotsatira chiwerengero cha opereka ziwalo chinakwera kwambiri.

Pamene envelopu yalowa

Apa ndiye povuta. Chigawo cha Odisha ku India nacho chinalengeza mu Febuluwale 2024 kuti opereka ziwalo azilandira maliro aulemu wa boma. Koma kumeneko kulinso mphoto yotchedwa Suraj, imene imapatsa banja la malemu ndalama zokwana 500,000 rupees. Kwa banja lolemera, ndalama zimenezo ndi chipepeso. Kwa banja la mganyu limene lataya amene ankalidyetsa, ndipo lili ndi ngongole ya chipatala, kodi zimenezo sizingakhale chifukwa chovomerera? Ndipo ngati zili choncho, mtimawo waperekedwa kapena wagulidwa?

Mfundo za bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO zimene mayiko anavomereza mu 2010 zimanena momveka kuti ziwalo ziziperekedwa mwaulere, popanda malipiro a ndalama kapena mphoto ina yokhala ndi mtengo wa ndalama. Chigwirizano cha madokotala chimene chinalembedwa ku Istanbul mu 2008 chimanena zomwezo. Chifukwa chake si chakuti ndalama n'zodetsedwa. Vuto ndi lakuti msika wa ziwalo umayenda njira imodzi yokha: kuchoka kwa wosauka kupita kwa wolemera. Tisapite kutali. Mu 2010, kampani ya zipatala ya Netcare ku South Africa inavomera mlandu kuti pa chipatala chake cha St Augustine's ku Durban panachitika maopaleshoni 109 oika impso zogula pakati pa 2001 ndi 2003. Ogulitsa ambiri anali amphawi ochokera ku Brazil ndi Romania, olandira ambiri anali a ku Israel. Dziko la Iran ndi lokhalo limene linasankha kuloleza poyera kulipira opereka impso, kuyambira mu 1988, ndipo nakonso ogulitsa ambiri ndi anthu amene apanidwa ndi ngongole.

Mfundo zomwezo za WHO zimasiyanitsa kulipira ndi kubweza zimene munthu wataya. Wopereka impso ali moyo amalipira thiransipoti, amagona m'chipatala, amakhala milungu ingapo osagwira ntchito. Kumubwezera zimenezo si kugula impso, n'kuonetsetsa kuti chifundo chake chisamusaukitse. Dziko la New Zealand linakhazikitsa lamulo mu 2016 lobwezera wopereka chiwalo malipiro onse amene wataya pa nthawi imene akuchira, mpaka milungu 12.

Nanga zolipirira maliro? Nkhani imeneyi yakambidwa kwambiri. Mu 2011, gulu la akatswiri a zamakhalidwe a zachipatala ku Britain, la Nuffield Council on Bioethics, linapereka maganizo oti boma liyesere kulipirira maliro a anthu amene analembetsa okha kuti adzapereke ziwalo. Ena anaona kuti palibe cholakwika, ena anati ndi malipiro ovala jekete. Kuno kwathu mtsutsowu ungakhale wolemera kuposa kwawoko. Tikudziwa mmene maliro amadyera chuma: bokosi, galimoto yonyamula thupi kuchokera ku Lilongwe, ufa ndi ndiwo za anthu ogona pamaliro, za adzukulu. Maliro n'kulirana, ndipo chipepeso sichinakhalepo chamanyazi pakati pathu. Koma chipepeso chimabwera imfa itachitika, popanda kufunsa kuti anamfedwa apereka chiyani. Ngati banja liuzidwa lili m'chipatala kuti mukavomera boma ligula bokosi, chimenecho sichipepesonso. Maganizo anga ndi akuti kusiyana kwake kuli pa nthawi ndi pa pakamwa: wopempha chilolezo asakhale ndi kanthu m'manja, ndipo chilichonse chobwera pambuyo chisakhale chachikulu moti munthu angasinthire maganizo chifukwa cha icho.

Dziko la Israel linatenga njira ina. Lamulo lake la 2008 limapatsa mwayi wotsogola pa mndandanda wa odikira chiwalo kwa amene analembetsa kuti adzapereka, kwa amene anaperekapo ali moyo, ndi kwa achibale apafupi a munthu amene anapereka atamwalira. Palibe ndalama imene ikusinthana manja, ndi nkhani ya kupatsa n'kuika. Otsutsa amati chipatala chiziyang'ana kudwala kwa munthu, osati ubwino wa abale ake, ndipo amene alibe banja lalikulu amaponderezeka. Pa mfundo imodzi pokha ndi pamene ambiri amagwirizana: munthu amene anapereka impso ali moyo, yotsalayo ikadzalephera, asaime kumbuyo kwa mzere. Ku America amachita choncho.

Kodi ulemu umachulukitsa opereka? Ku Tamil Nadu opereka ziwalo atamwalira anali 178 mu 2023 ndipo anafika 268 mu 2024. Kukwera kumeneko n'kwakukulu, koma chigawochi chinali kale ndi zipatala, madokotala ndi dongosolo logawira ziwalo limene linamangidwa kuyambira mu 2008. Phunziro lenileni lili ku Spain, dziko limene lakhala patsogolo pa nkhaniyi kuyambira mu 1992, ndi opereka oposa 40 pa anthu 1 miliyoni alionse m'zaka zambiri zaposachedwa. Spain inali ndi lamulo lowerengera aliyense ngati wovomera kuyambira mu 1979, koma zinthu sizinasinthe mpaka mu 1989 pamene inakhazikitsa bungwe loyang'anira ntchitoyi motsogozedwa ndi Rafael Matesanz, n'kuika m'zipatala anthu ophunzitsidwa bwino kuzindikira amene angapereke ndi kulankhula ndi mabanja. Mpaka lero amafunsabe achibale. Mendulo sibweretsa makina othandiza kupuma. Chimene imachita n'kuuza banja limene linavomera kuti silinalakwe, ndi kuuza oyandikana nalo kuti asalinene.

Ku Malawi nkhaniyi ikugwera pati

Wina anena kuti zonsezi n'za kutali. Mbali ina akunena zoona. Dongosolo lotenga ziwalo kwa omwalira limafuna zipinda zambiri za odwala mwakayakaya, malabotale oyeza ngati matupi akugwirizana, ndi mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi amene wolandira chiwalo amamwa moyo wake wonse kuti thupi lisachikane. Wovulala m'mutu pa msewu wa M5 amayamba wafika pa chipatala cha boma cha Salima, kenako ambulansi iyende makilomita pafupifupi 100 kukafika ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Tidakali kutali ndi za mtima wa maola 6.

Koma opereka ziwalo tili nawo kale, kungoti sitiwatchula. Matenda a impso akuchuluka chifukwa cha BP ndi shuga, ndipo kwa ife a m'mphepete mwa nyanja palinso likodzo, limene likakhalitsa osachizidwa limatseka njira za mkodzo n'kuwononga impso. Impso zikalephera, munthu amadalira makina a dialysis osefa magazi kawiri kapena katatu pa mlungu, maola angapo ulendo uliwonse. Makinawo ali m'zipatala zazikulu zowerengeka, monga Kamuzu Central ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Kwa munthu wa ku Chipoka kapena Khombedza zimenezi zikutanthauza kusamukira ku Lilongwe kapena kuthera chuma chonse pa thiransipoti. Njira yotulukira pa makinawo ndi kuikidwa impso ina, ndipo Amalawi amene apeza mwayiwo kawirikawiri amapita ku India, kaya pa ndalama zawo kaya potumizidwa ndi boma. Sapita okha. Amapita ndi mbale amene akapereke impsoyo. Akabwerako, mpingo umathokoza Mulungu chifukwa cha wochira, nyuzipepala nthawi zina imajambula wochira, koma mchemwali amene wabwera ndi chipsera m'nthiti amangobwerera kumunda kapena ku geni yake.

Anansi athu ayamba kale kuchita maopaleshoniwa kwawo. Tanzania inayamba pa chipatala cha Muhimbili mu 2017, Zambia pa University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2018, ndipo Uganda inayamba ku Mulago mu 2023, chaka chomwe inakhazikitsanso lamulo lake la kupereka ndi kuika ziwalo. Tsiku lathu lidzafika, ndipo lidzatipeza tili ndi chipsinjo chachikulu.

Chipsinjocho ndi mantha, ndipo si mantha opanda pake. Kuyambira kumapeto kwa 2014, abale athu achialubino akhala akuphedwa, kudulidwa ziwalo, ndipo manda awo kufukulidwa. Zinafika poti mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango m'lamulo la Anatomy Act kwa opezeka ndi ziwalo za anthu. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena akumwera, mpaka ogwira ntchito zaumoyo kuopa kulowa m'midzi. Munthu amene wakulira m'nkhani zotere akamva kuti mwana wa uje anam'chotsa impso kuchipatala asanaikidwe, maganizo ake oyamba sakhala a chifundo. Amafunsa kuti adya zingati. Banja limene lachita chinthu chabwino lingathe kusalidwa pachitsime, mwinanso kuthamangitsidwa m'mudzi.

Tinene momveka pano kuti zinthu ziwirizi sizigwirizana ngakhale pang'ono. Chiwalo chodulidwa kutchire ndi chigawenga sichingaikidwe mwa munthu aliyense. Chimakhala chitafa kale, sichinayezedwe ngati gulu la magazi ndi thupi zikugwirizana, ndipo mafupa amene anthu oipawa amafuna alibe ntchito iliyonse yochiritsa. Koma kufotokoza kotere kumamveka m'kalasi. Pamudzi chimene chimamveka ndi chimene chanenedwa pamaliro. N'chifukwa chake ndikuona kuti ulemu wa poyera ungagwire ntchito yaikulu kuno kuposa ku London. A gulupu akaima pamaso pa anthu, a DC kapena mkulu wa zaumoyo ali pomwepo, wowerenga mbiri ya malemu n'kunena kuti m'bale wathuyu wasiya moyo mwa anthu ena ndipo banja silinalandire kanthu, mphekesera imasowa polowera. Chobisika ndi chimene chimabala miseche.

Zipembedzo zonse ziwiri zazikulu za m'boma lino zili ndi poyambira. Akuluakulu a malamulo a Chisilamu a bungwe la International Islamic Fiqh Academy anagamula ku Jeddah mu 1988 kuti kuika ziwalo n'kololedwa ngati pali chilolezo, ndipo analetsa kugulitsa. Papa John Paul II, polankhula kwa madokotala a ntchitoyi ku Rome mu 2000, anati kupereka chiwalo ndi ntchito ya chikondi, nayenso n'kudzudzula malonda. Si shehe aliyense kapena m'busa aliyense amene angavomereze, ndipo ali ndi mafunso oyenera kuyankhidwa. Asilamu amaika maliro mwachangu, choncho chipatala chimene chingachedwetse jeneza chidzakanidwa ulendo wotsatira. Thupi liyenera kubwera losokedwa bwino, loti osambitsa maliro asaone chonyozetsa.

Palinso funso loti wovomera ndani. Mafomu a m'zipatala za kunja amafunsa mkazi kapena mwamuna wa malemu, kenako ana, kenako makolo. M'mabanja ambiri a kuno, mawu omaliza pa maliro ali ndi mwinimbumba. Mkamwini angasaine pepala la mwana wake womubereka yekha, koma atsibweni a mwanayo akafika n'kumva kuti zachitika iwo osadziwa, mlandu wake ungathetse ukwati. Lamulo limene tidzalembe lidzayenera kudziwa zimenezi, ndipo setifiketi ya ulemu ikadzalembedwa dzina la bambo okha idzayambitsa mkangano m'malo motonthoza.

Ulemuwo uli ndi mbuna zake. Yoyamba ndi kukakamiza. Ku India ziwerengero za boma zaonetsa kuti ambiri opereka ziwalo ali moyo ndi akazi, pamene ambiri olandira ndi amuna. Mkazi wa pabanja kapena mlongo wosakwatiwa amavutika kukana pamene abale onse amuyang'ana. Tikamakweza kwambiri wopereka, wokana amaoneka ngati mfiti. N'chifukwa chake m'zipatala zoyenda bwino wopereka amafunsidwa payekha ndi munthu amene sakuchiza wodwalayo, ndipo akakana, madokotala sauza achibale chifukwa chake. Mbuna yachiwiri ndi chinsinsi. M'mayiko ambiri banja la malemu siliuzidwa dzina la wolandira, makalata othokoza amadutsa kuchipatala opanda mayina, kuopa kuti wina angadzayambe kupempha mnzake fizi ya ana chifukwa cha impso. Mwambo wa ulemu usaphwanye zimenezi, ndipo banja limene likufuna kulira mwakachetechete lisiyidwe. Yachitatu tonse tikuidziwa: andale athu ndi maikolofoni ya pamaliro. Ulemu umene ukudalira kuti malemu anali wa chipani chiti, kapena kuti chisankho chayandikira, ndi bwino kuusiya.

Poyambira pabwino, mwa kuona kwanga, ndi pa anthu amene akupereka kale gawo la thupi lawo tsiku ndi tsiku. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale, moti sukulu zikatsekera magazi amasowa, makamaka nyengo ya dzinja pamene malungo amatha magazi mwa ana. Pa 14 Juni chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira opereka magazi. Mnyamata wa ku Kamuzu Road amene wapereka magazi maulendo 25 wathandiza amayi otaya magazi pobereka amene sadzawaona n'komwe. Khonsolo ya boma ikamatchula mayina a anthu otere pabwalo, mafumu ali pomwepo, anthu angazolowere kuona kuti kupereka za m'thupi mwako n'chinthu chonyaditsa, ndipo anamapopa angachepe mphamvu. Sukulu zophunzitsa udokotala nazo zili ndi ngongole kwa anthu amene matupi awo amaphunzirirapo. Pa yunivesite ya Tzu Chi ku Taiwan, ophunzira amadziwa dzina la mwini thupi, amakacheza ndi banja lake, ndipo akamaliza maphunziro amalisoka, kuliveka ndi kuliperekeza okha.

Kwa amene anapereka impso ku India n'kubwerera kumudzi, ulemu woyamba umene boma lingawapatse ndi wa m'buku la kuchipatala. Munthu wa impso imodzi amayenera kuyezedwa BP, mkodzo ndi magazi oonetsa mmene impso ikugwirira ntchito kamodzi pa chaka, moyo wake wonse. Amayenera kupewa mankhwala opha ululu a mtundu wa brufen ndi diclofenac, amene timangogula pa grosale mutu ukawawa, chifukwa akamwedwa pafupipafupi amavulaza impso. Mayi wa impso imodzi akakhala woyembekezera amafunika kuyang'aniridwa mwapadera ku sikelo. Unduna wa Zaumoyo umadziwa amene unawatumiza kunja, choncho kulemba mayina a opereka awo ndi kuuza zipatala za m'maboma kuti aziwayeza osawaimika pa mzere wautali n'kotheka chaka chino chomwe, Nyumba ya Malamulo isanakambe n'komwe za mamendulo.